Nyambo ndi Chiyambi

9 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mdzukulu wanu Kafunso, ndiponso kuti miyendo ija yayamba kukulolani kuyenda. Ine kuno ndilipo, ntchito ndayambanso.

Uthenga wanu adalaivala a basi andiuza. Akuti mukufuna katundu yense wa mwana wanu, makina osokera, sutikesi ndi foni, zikwere basi ya mwezi uno. Ndamva. Sindinakhudze kanthu. Singano imene anasiya pa thalauza la kasitomala idakali pomwepo, ndipo mwini thalauza wabwera kawiri n'kubwerera pakhomo osanena chimene wadzera.

Pamaliro munandifunsa za chipatala, za bokosi ndi za mapepala. Panalibe amene anandifunsa kuti tinkakhala bwanji. Ndiye lekani ndikuuzeni za tsiku limodzi lokha, Lachiwiri lomaliza.

Lachiwiri ndi tsiku langa lopuma, ndipo kuholo ya kanema kumene ndimagwira ntchito amalola wantchito kulowa ulere ndi munthu mmodzi, chifukwa tsikuli mipando imangokhala. Mayi a Kafunso anadzuka, anachapa, anayanika pachingwe cha pakhonde, n'kukhala pamakina. Ine ndinkamanga chogwirira cha ketulo. Itangokwana 1 koloko anayamba kundifulumizitsa.

"Bambo a Kafunso, nsapato imeneyo mupukuta mpaka muonemo nkhope? Tikapeza nyambo zatha."

Nyambo ndi dzina limene iye anapatsa tizidutswa timene amaonetsa filimu isanayambe, totsatsa mafilimu amene akubwera. Anzanga kuntchito amati mathirela. Ndinamuyankha monga mwa masiku onse, kuti zimenezo n'zabodza. Iye anati, "Bodza lake n'lokoma. Valani."

Anavala juzi yobiriwira chifukwa muholomo mumazizira. Pakhomo mnzanga anandipatsa matikiti kuti nding'ambe ndekha, monga ankachitira potiseka, ndipo iye anatenga chidutswa chake n'kuponya m'thumba. Nyambo iliyonse ikatha ankandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Iyi tidzaonere." Zinalipo zinayi, ndipo zonse zinayi anati tidzaonere. Filimu yeniyeni itayamba sanathe ndi theka la ola lomwe, anagona paphewa panga. Pobwerera anagula ulusi wakuda ndi anyezi. Anati mutu ukumuwawa kumbuyoku, ife n'kumati ndi phokoso la muholo. Basi. Tsiku lake linali lotero.

Tsopano funso langa. Papita masabata asanu ndi limodzi ndikuimba pafoni ya alamu. Lero akuti mwana watumidwa, mawa akuti wagona, dzulo akuti safuna. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, amene ankandipanikiza ndi mafunso mpaka mayunitsi kutha, lero safuna? Amayi, ndiuzeni chimene mwamuuza.

Ndalama ya sukulu ndapatsira adalaivala pamodzi ndi nsapato. Zikamuthina musapatse wina, mubweze ndikasinthe.

Ndine mkamwini wanu.


30 Malichi

Amayi,

Moni. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, ndatumiza mafuta opaka. Ine thupi lili bwino.

Yankho la funso langa silinachokere kwa inu. Ndalipeza kwa mayi wogulitsa mbuliwuli kuntchito kwathu, amene m'bale wake ali pagulu la pafoni la anthu akwathu. Anandiitanira kuseri kwa makina ake, n'kundipatsa foni, n'kuyang'ana kumbali. Anati, "Achimwene, mverani nokha, ine pakamwa panga sipangathe."

Mphindi ziwiri. Chithunzi cha mwana wanu, nyimbo ya maliro pansipansi, ndi mawu ake. "Ndatopa naye munthu ameneyu." Kenako liwu langa ndikukalipa. Kenako iye akulira, "Achimwene, ndili ndekhandekha kuno." Kenako chithunzi cha bokosi. Akuti mwana wanga wazimvera kangapo.

Ndikudziwa kuti maso anu saonanso zolemba, ndipo kalatayi akukuwerengerani ndi alamu. Alamu, apa muwerenge bwino, chifukwa ndikunena inu. Mauthenga amenewo mlongo wanu ankatumiza kwa inu nokha.

Mwaigwira ntchito. Ndikutero ine amene ndimaona ntchito yotereyi kasanu patsiku. Ntchito yanga, Amayi, ndi iyi. Ndimang'amba matikiti pakhomo, kenako ndimalowa n'kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko, tochi ili m'manja. Ndimaima pamenepo mpaka nyambo zonse zithe, kuonjezapo mphindi zisanu zoyamba za filimu, kuti ndione ngati chithunzi chili bwino ndiponso ngati mawu akumveka. Zikatero ndimatuluka kukasesa holo ina. Zaka zinayi ndikuchita zimenezi. Nyambo ndi ziyambi za mafilimu ndazionera kuposa munthu aliyense amene mumamudziwa.

Nyambo kawirikawiri amadula ndi anthu ena, osati amene anapanga filimuyo. Amatola pamene munthu wakuwa, pamene galimoto yagubuduzika, pamene wina wamenya mnzake khofi. Amatenga funso la kumapeto n'kulilumikiza ndi yankho la koyambirira, limene munthuyo ankayankha wina. Pansi pake amaikapo ng'oma zimene mufilimumo mulibe. Zidutswazo sapeka ayi, zilimodi, koma ukazionera umatuluka ndi nkhani imene sinachitike. Cholinga chawo n'chimodzi, kuti ugule.

Chiyambi sichitero. Magetsi amazimiratu, ine ndimatseka chitseko, phokoso limatsika. Umangoona msewu, kapena munthu akumanga zingwe za nsapato, kapena mayi akutsegula zenera, mayina a opanga filimu akudutsa pang'onopang'ono. Sichikunyengerera, chifukwa walowa kale. Chimangokuonetsa kuti kuno n'kuti, uyu ndi ndani, ankakhala bwanji zinthu zisanasokonekere. Anthu ambiri amafika mochedwa, ine n'kumawaunikira ndi tochi kuti apeze mpando. Ndi omwewo amene filimu ikafika pakati amasokosa kufunsa anzawo kuti, "Kodi ameneyu walakwa chiyani?"

Alamu, inu munafika mochedwa. Zaka zitatu zimene mlongo wanu anakhala kuno simunapondepo pakhomo pathu, chipinda chathu simukuchidziwa ndi mtundu wa chitseko womwe. Nanga mukutsatsa chiyani? Ngati mukufuna makina osokera, nenani za makina. Musadzere mwa mwana wanga.

Katundu sakwera mwezi uno.

Mkamwini wanu.


20 Epulo

Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwinoko. Ine ndilipo.

Adalaivala anali pakhonde panu akumwa madzi pamene kalata yanga inkawerengedwa. Akuti masamba atatu anatha iwo asanatsirize kapu. Munamva "moni", munamva "inu munafika mochedwa", munamva "katundu sakwera mwezi uno". Akuti munalira n'kunena kuti ndakunyozani, kuti ndati munachedwa kufika pamaliro a mwana wanu.

Nayonso kalata yanga aidula nyambo. Sindikudabwa.

Sindinakunyozeni. Koma sindikuchotsani mlandu wonse, Amayi. Mumandidziwa kuyambira ndili wokonza njinga pansi pa mtengo. Denga limene mukugonamolo ndinakhoma ndi manja angawa, inu mukundipatsira misomali. Mphindi ziwiri za pafoni zakwanira kufufuta zonsezo? Simunaitanitse ndi adalaivala omwe kuti muwafunse, pomwe iwo adyapo m'nyumba mwathu kangapo.

Ndawapempha kuti kalata iyi asaipereke m'manja mwa alamu. Aitane Kafunso, awerenge ndi iyeyo. Amawerenga bwino kuposa amalume ake, ndipo sadumpha mzere.

Mwanawe, ngati ndiwe ukuwerenga, sindikukukakamiza kuti undilankhule. Ungowerenga zonse, mokweza, mpaka pamene pali dzina langa.

Mvula isanabwerenso wina akwere padenga, lata la pakona ya kukhitchini linali litayamba kudzuka.

Mkamwini wanu.


11 Meyi

Amayi, ndi iwe amene ukuwerenga,

Moni nonse. Ndamva kuti chifuwa chinatha, ndathokoza. Ndamvanso kuti kalata yapitayo inawerengedwa yonse, ndipo wowerengayo atamaliza anaipinda n'kulowa m'nyumba osayang'ana munthu. Palibe kanthu.

Foni ya mayi ako ili ndi ine. Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuitchaja. Mauthenga onse alimo, athunthu. Ndawamvera umodziumodzi kufuna zidutswa zitatu zija, ndipo ndazipeza.

"Ndatopa naye munthu ameneyu" ali mu uthenga wa mphindi zinayi, wa Juni chaka chatha. Umayamba ndi kufunsa za miyendo ya agogo ako. Kenako akunena za dzino langa, limene linanditupitsa tsaya masabata awiri ine ndikukana kukazulitsa. Akuti, "Ndatopa naye munthu ameneyu, bambo wamkulu ndevu pepeya kuopa dokotala wa mano." Kenako akuseka, n'kufunsa ngati nkhuku ija yaswa.

"Ndili ndekhandekha kuno" ndi wa sabata yake yachiwiri kuno, zaka zitatu zapitazo, asanadziwe chilankhulo, asanapeze kasitomala ndi mmodzi yemwe. Analiradi. Ndinamupeza maso ali psu, ndipo Lachiwiri lotsatira ndi limene ndinamutengera kuholo koyamba. Amalume ako auika kumapeto, pafupi ndi bokosi.

Liwu lokalipalo ndi langa. Pamenepo sindikana kanthu. Mayi ako ankafuna kuti tikutenge ubwere kuno, ine ndinakana chifukwa cha mapepala ndi chipinda chimodzichi. Iye ankajambula uthenga ine osadziwa, ndipo ndinanena mawu amene wamvawo. Ndi mawu oipa. Tinatha masiku atatu osalankhulana. Kenako ndinapeza thalauza langa la kuntchito lili pabedi, thumba lobooka lija atalisoka. Anthu amene anakuberekawo ndi otero. Ankayambana.

Amayi, mwana wanu wamwamuna anandiimbira Lamlungu, koyamba kuimba yekha chichokereni kumaliro. Anati, "Alamu, foniyo muyambe mwaifufuta musanatumize, muli zinsinsi za banja." Ndinamufunsa kuti banja liti. Anadula.

Sindifufuta. Koma ndinene zoona, mufonimo muli chinthu china chimene alamu sakuchidziwa. Akanachidziwa bwenzi atachiika poyambirira penipeni. Sindinakonzeke kuchinena.

Kuntchito zinthu zili choncho. Ndinapempha kapitawo kuti andisinthe ndizingosesa, anakana. Nyambo zikayamba ndimayang'ana pansi, ndipo wandichenjeza kawiri, chifukwa tsiku lina chithunzi chinapendekeka ine osaona mpaka anthu anayamba kuimba malikhweru. Imodzi mwa mafilimu anayi aja yafika. Chiyambi chake ndimachiona kasanu patsiku: bambo wina akupalasa njinga m'mbali mwa njanji, atanyamula chitseko kumsana. Mphindi zisanu zikakwana ndimatuluka. Kumene akupita nacho sindikudziwa.

Makope ndi sopo zili m'jumbo yabuluu.

Mkamwini wanu, bambo ako.


8 Juni

Amayi,

Ndikhulupirira kuti kuzizira sikunakudzutsireni miyendo. Pepani, kalata iyi ndi ya mwana, koma awerenge mokweza kuti nanunso mumve.

Mwana wanga, kapepala kako ndalandira, kong'amba pakope ya masamu. Palibe moni, palibe dzina, mzere umodzi wokha: "Bambo, Loweruka lija munali kuti?" Pa anthu onse a pakhomopo wafunsa ndiwe wekha.

Loweruka m'mawa mutu unkamuwawabe. Nditavala yunifolomu anati, "Musapite lero." Ananena kamodzi kokha, mosakweza mawu. Ndinati Loweruka ndi tsiku la anthu ambiri, kapitawo sangalole. Ndinamuikira madzi ndi mapiritsi pampando pafupi ndi bedi, n'kumuuza kuti akafuna kanthu aimbe. Ndinanena ndekha kuti aimbe, ndikulidziwa bwino lamulo la kuntchito. Foni salowa nayo muholo. Timatsekera m'kabati ya antchito, chifukwa mabwana amaopa kuti tingajambule filimu n'kukagulitsa.

Anaimba kasanu, kuyambira 2:04 mpaka 2:19 masana. Nthawi imeneyo ndinali nditaima kumbuyo kwa holo, tochi m'manja, ndikuonera nyambo. Zomwe zija zinayi. Ndikukumbuka kuti ndinaseka pang'ono pa yachitatu, pokumbukira chigongono chake.

Kabati ndinatsegula 5 koloko. Apo n'kuti mayi woyandikana nafe atamupeza kale pansi pafupi ndi makina, n'kumutengera kuchipatala. Adokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo kuti ngakhale akanafika msanga iwo sakanalonjeza kanthu. Ndinawafunsa kawiri. Sananene kuti sizikanathandiza. Anati sakanalonjeza.

Pamaliro agogo ako atandifunsa ndinati ndinali kuntchito. Sindinaname. Koma nanenso ndinadula. Ndakhala ndikukalipira amalume ako miyezi itatu, pomwe nyambo yoyamba ndinaionetsa ndine.

Sindikupempha kuti undikhululukire mwezi uno kapena chaka chino. Wafunsa, ndayankha.

Alamu, ngati mwaima pazenera monga mwa chizolowezi chanu, nachi chidutswa chimene munalibe. Muchiike pamene mukufuna.

Bambo ako.


6 Julayi

Amayi,

Moni kwa inu ndi mwana. Ine ndilipo. Bulangete ndaika pamwamba pa katundu kuti musavutike kufufuza.

Adalaivala andiuza zimene zinachitika. Akuti kalata itatha alamu anatambasula dzanja kuti aione, mwana n'kuibisa m'chikwama cha sukulu. Akuti inu munati, "Msiyeni, ndi yake." Akutinso simunanditchule, zabwino kapena zoipa. Sindikufunsani zambiri kuposa pamenepo. Mwana amene anagona pansi maola aja ndi wanu.

Katundu wakwera lero. Ndifotokoze bwino kuti pasakhale wina wonena kuti sanamve.

Thalauza la kasitomala ndinamaliza ndekha ndi singano yomweyo. Mzere wake ndi wokhotakhota, koma mwini wake analandira osauyang'ana.

Zovala zonse zili musutikesi, zochapa ndi zosita. Ndi zanu, Amayi, mugawe mmene mukuonera.

Makina osokera ndi a Kafunso, ndipo azikhala kuchipinda kwanu. Shatulo, kachitsulo kosunga ulusi wapansi, ndachotsa n'kukulunga m'phukusi la mwanayo. Popanda iko makinawo sasoka, ndipo wogula aliyense amayamba wayang'ana pamenepo.

Alamu sindinawaiwale. Ndawatumizira sizasi ya mlongo wawo, yaikulu ija. Ntchito yake amaidziwa.

Tsopano iwe, mwana wanga. Kapepala kako kachiwiri ndalandira. Moni palibebe, koma mafunso alipo atatu, ndipo ndawawerenga mpaka pepala lafewa. Ndiyankha motsatana: za foni, za matikiti ndi za juzi.

Foni ili m'phukusi lako, adalaivala akupatsa m'manja. Sindinafufute kanthu, ndi kuimba kasanu kuja kulimo. Usayambire pamenepo. Utsike mpaka pa uthenga woyamba penipeni, wa tsiku limene anafika kuno. Ndi wautali ndipo mulibe chochitika. Akungofotokoza chipinda, zenera loyang'ana khoma, mpopi wodontha, ndi kuti ine ndagula makatani osafika pansi. Uyambire pamenepo, usadumphe. Masiku oipa uwapeza okha pamalo pake.

M'chitini cha mabisiketi muli zidutswa za matikiti zimene ankasunga, kuyambira Lachiwiri loyamba. Ndaziika motsatana masiku n'kuzitunga ndi ulusi wakuda umene anagula tsiku lija. Mpando wake unali pamzere wachisanu ndi chiwiri, kumapeto pafupi ndi khoma, chifukwa ankati pamenepo mphepo ya makina oziziritsa siifika. Ankanama, ankafuna pogonera.

Juzi yobiriwira sinakwere basi. Lachiwiri lapitali ndinaitenga kuholo, ndinang'amba matikiti awiri, n'kuiyala pampando wakewo. Ndinakhala pambali pake, ndipo mphindi zisanu zitakwana sindinatuluke. Bambo wa njinga uja chitsekocho ankapita nacho kunyumba imene inali isanamangidwe. Nyambo yake inanama, monga ndinamuuzira mayi ako. Filimuyo inali yabwino.

Mwa mafilimu anayi aja atsala atatu. Akatha juziyo ndidzabwera nayo ndekha, ndidzaima pakhonde. Ukadzafuna udzatuluke.

Mkamwini wanu, Amayi.
Bambo ako, Kafunso.